Mpikisano Wofika Kumwamba: Mbiri ya Sitima Zotsetsereka ndi Malire Ake

M'maiko ambiri a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia muli mabwalo aakulu a zisangalalo kumene anthu amapita ndi ndalama zao kukagula mantha. Chimene chimaŵakoka koposa zonse ndi kasitima kopanda denga, koyenda pa njanji yoimikidwa pa nsanamira zazitali, njanji yokwera, yotsika, yokhota, ndipo mwina yozondoka. Pa Chingerezi chinthuchi amachitcha roller coaster, koma m'nkhani ino chitchedwa sitima yotsetsereka, pakuti ntchito yake yonse yagona pa kutsetsereka. Anthu okonda sitimazi sakhala chete. Akangoona kuti pa bwalo lina agwetsa mitengo kapena afikitsa zitsulo, mphekesera zimayamba kuuluka: ena amati imene ikubwerayo idzaposa zonse msinkhu, ena amati akuluakulu a m'deralo sangalole. Mbiri ya zaka pafupifupi 400 ikuonetsa kuti mkanganowu uli ndi maziko, chifukwa msinkhu wa sitima yotsetsereka sugamulidwa ndi mwini bwalo yekha. Anthu oyandikana ndi bwalolo, oyendetsa ndege, thupi la wokwera ndiponso thumba la ndalama, zonsezi zili ndi mau pa nkhaniyi.

Poyamba nkofunika kumvetsa chifukwa chake msinkhu uli nkhani yaikulu chotere. Sitima yotsetsereka ilibe injini. Pa zambiri mwa sitimazi, unyolo ndiwo umakoka ngolo pang'onopang'ono mpaka pa nsonga ya chitunda choyamba, ndipo ukazisiya pamenepo, ngolozo zimayenda ulendo wonse ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, yomwe ija imagwetsa mango mu mtengo. Nchimodzimodzi ndi munthu wa njinga amene akutsika phiri osapalasa. Chitunda choyambacho chiyenera kuposa zinzake zonse, popeza ngolo singakwere payokha kupitirira pamene idayambira. Ngolo yotsika mamita 60 imafika pa liŵiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola. Koma wofuna kuŵirikiza liŵirolo kaŵiri ayenera kuŵirikiza msinkhu kanai. Nchifukwa chake wofuna liŵiro amayang'ana kumwamba.

Maseŵeraŵa adayambira ku Russia m'zaka za m'ma 1600. Pa nyengo yachisanu anthu ankamanga zitunda za matabwa, naathirapo madzi kuti aundane, kenaka nkumatsetserekapo atakhala pa timipando topanda mawilo. Zitunda zina zinkafika mamita 20 ndi kupitirira. Mwambowu udafika ku France, kumene chisanu sichikhalitsa, ndipo mu 1817 mu mzinda wa Paris mudatsegulidwa zitunda zoyendapo ngolo za mawilo pa njanji. Mpaka lero Afalansa amatcha sitimazi mapiri a ku Russia, pamene anthu a ku Russia eni ake amazitcha mapiri a ku America.

Dzina lachiŵirili silidangobwera. Mu 1827 m'chigawo cha Pennsylvania ku America mudamangidwa njanji ya makilomita 14 yotsitsira malasha kuchokera ku migodi ya pa Summit Hill kufika ku mtsinje wa Lehigh pa mudzi wa Mauch Chunk. Ngolo zodzaza malasha zinkatsika zokha, ndipo nyulu zinkatsika nawo zitakwezedwa m'ngolo, kuti zikakoke ngolo zopanda kanthu pobwerera kumtunda. Anthu adayamba kupempha kukwerako. Mu 1872, malasha atapeza njira ina yachidule, njanjiyo idatsala ya alendo ofuna kusangalala. Kholo la sitima zotsetsereka za ku America ndi ngolo ya kumgodi, ndipo chitunda chake chidali phiri lenileni.

Ku America, woyamba kupeza chuma ndi sitima yomangidwira chisangalalo chokha adali LaMarcus Thompson, amene mu 1884 adatsegula yake ku Coney Island mu mzinda wa New York. Nsanja yake idali ya mamita 15, liŵiro lake makilomita pafupifupi 10 pa ola, ndipo mtengo wokwerera udali masenti 5. Ngolo ikafika kumapeto, anthu ankatsika, antchito nkuikankhira pa nsanja yachiŵiri kuti ibwerere. Amisiri sankatha kumanga zitunda zoongoka kwambiri poopa kuti ngolo ingalumphe pa njanji, kufikira mu 1919 pamene John Miller adalembetsa nzeru yake yoika mawilo ena kunsi kwa njanji. Kuyambira pamenepo ngolo idagwira njanji pamwamba, pambali ndi kunsi, monga dzanja ligwirira mpini wa khasu. M'zaka za m'ma 1920 sitima za matabwa zidamangidwa mazanamazana, ndipo yotchuka mwa izo idali Cyclone ya ku Coney Island komweko, ya mu 1927, ya mamita 26. Mavuto a zachuma amene adayamba mu 1929, pamodzi ndi nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, adatseketsa mabwalo ambiri, ndipo sitima zochuluka zidaphwasulidwa.

Chimene chidatsegula njira yopita kumwamba ndi chitsulo. Mu 1959 bwalo la Disneyland ku California lidatsegula sitima yotchedwa Matterhorn Bobsleds, yoyenda pa njanji ya mipope yachitsulo. Mpope umapindika mbali iliyonse, ndipo nsanamira zachitsulo zimasenza katundu amene matabwa sangathe. Patapita zaka 30, mu 1989, bwalo la Cedar Point, limene lili m'mphepete mwa nyanja ya Erie m'chigawo cha Ohio, lidatsegula Magnum XL-200 ya mamita 62, sitima yoyamba yozungulira ulendo wathunthu kupitirira mapazi 200. Apa mpamene mpikisano udayakira moto. Mu 1994 a ku Blackpool ku Mangalande adamanga ya mamita 65. Mu 1996 a ku Japan adamanga Fujiyama ya mamita 79. M'mwezi wa May 2000 Cedar Point idatsegula Millennium Force ya mamita 94, koma ufumu wake udatha m'miyezi itatu yokha, pakuti mu August chaka chomwecho Steel Dragon 2000 ya ku Japan idafika mamita 97. Mu 2003 Cedar Point idabwezera ndi Top Thrill Dragster ya mamita 128, ndipo mu 2005 bwalo la Six Flags Great Adventure m'chigawo cha New Jersey lidatsegula Kingda Ka ya mamita 139.

Omvera amene adaimapo pa bwalo la mpira angathe kuyerekeza msinkhu umenewu: bwalo lonse, kuchokera pa golo kufika pa golo, litaimitsidwa chilili, likadapereŵerabe mamita oposa 30 kuti lifike pa nsonga ya Kingda Ka. Sitima ziŵiri zomalizazi sizinkakokedwa ndi unyolo. Chingwe chachitsulo chokokedwa ndi makina amphamvu chinkaponya ngolo ngati mwala wa pa legeni, kotero kuti Kingda Ka inkafika pa liŵiro la makilomita 206 pa ola m'masekondi atatu ndi theka. Ulendo wonse sunkakwana mphindi imodzi.

Pamene mabwalo ameneŵa ankapikisana chomwechi, mabwalo ena adali omangika manja ndi malamulo a kwao, ndipo malire oyamba ndi ameneŵa. Chitsanzo chodziŵika ndi Alton Towers m'chigawo cha Staffordshire ku Mangalande. Malowo adali munda ndi nyumba yakale ya banja lolemekezeka la ma Earl a ku Shrewsbury, ndipo adasanduka bwalo la zisangalalo mu 1980. Pofuna kuteteza maonekedwe a dzikolo ndi mtendere wa midzi yozungulira, akuluakulu oona za mamangidwe salola kuti sitima ziziposa mitengo. Mmisiri wa bwalolo, John Wardley, ataona kuti kumwamba nkotseka, adatembenukira pansi. Adaphwanyitsa thanthwe ndi onga nakumbitsa chidzenje chachikulu, ndipo mu 1994 m'menemo mudatsegulidwa Nemesis, yomangidwa ndi kampani ya ku Switzerland ya Bolliger & Mabillard. Pamwamba pa nthaka imangooneka mamita 13, koma okwera amatsika mamita oposa 30, miyendo ili lendelende, miyala ikudutsa pafupi ndi mapazi ao. Kuyandikira kwa miyalako kumachititsa kuti liŵiro limveke lalikulu kuposa m'mene liliri. Mu 1998 bwalo lomwelo lidatsegula Oblivion, ya mamita 20 okha, imene imaimitsa okwera pa nsonga kanthaŵi pang'ono, kenaka nkuŵagwetsa choongoka mamita 55 kuloŵa m'dzenje lamdima. Lamulo limene linkaoneka ngati chopinga ndilo lidabala sitima zimene okonda maseŵeraŵa amaziŵerengera pakati pa zokoma koposa za ku Ulaya.

Nzeru yoloŵa pansiyi ikupezekanso kufupi, ku Johannesburg, ngakhale kuti kumeneko cholinga chidali kukumbukira mbiri ya malowo. Bwalo la Gold Reef City lidamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, m'dera lomwe lija Amalaŵi ambirimbiri ankapita kukagwira ntchito pa nthaŵi ya Wenela. Sitima yake yotchedwa Tower of Terror imakwezedwa pa nsanja ya kumgodi, nigwa mamita pafupifupi 50, mbali ina ya ulendowo ili kunsi kwa nthaka. Njira yoloŵera pansi, imene kwa anthu a kumgodi idali ya thukuta ndi nkhaŵa, tsopano anthu amailipirira.

Kwina malire a msinkhu adaikidwa ndi nzika zomwe pa voti. Mu 1972 anthu a mu mzinda wa San Diego ku California adavomereza lamulo loti m'mbali mwa nyanja musamangidwe chinthu choposa mapazi 30, ndiye kuti mamita 9, kuti nyumba zazitali zisatseke nyanja. Bwalo la SeaWorld lili m'dera limenelo. Mu 1998 lidabwerera kwa anthu omwewo kukapempha kuti limasulidwe, ndipo ovota, mosiyana pang'ono, adalilola kufika mapazi 160. Komabe sitima yake ya mu 2012, yotchedwa Manta, idaima pa mamita 9 omwe aja, nipeza kutsika kwa mamita 16 mwa kukumba ngalande. Mu 2018 mpamene padaimikidwa Electric Eel ya mamita 46. Kuchokera pa voti yoyamba kufika pa sitima imeneyi padapita zaka 46.

Malire achiŵiri ndi a ndege. Ku America aliyense wofuna kumanga chinthu choposa mapazi 200, ndiye kuti mamita 61, ayenera kudziŵitsa bungwe la boma loyang'anira maulendo a ndege, lotchedwa Federal Aviation Administration, ndipo kaŵirikaŵiri amalamulidwa kuikapo nyali zochenjeza. Akuluakulu a Walt Disney World ku Florida sadafune nyali yofiira pa nsonga ya phiri lao lochita kupanga, limene lili ndi sitima yotchedwa Expedition Everest ya mu 2006, popeza ikadaononga chithunzi chonse. Motero adaliimitsa litatsala pang'ono kwenikweni kukwana mapazi 200. Pafupi ndi mabwalo a ndege malamulo amathina koposa. Sitima ya Wild Thing ya pa bwalo la Valleyfair ku Minnesota, ya mu 1996, idalekezera pa mamita 63 chifukwa cha bwalo la ndege la Flying Cloud limene lili chapafupi, ndipo ya ku Blackpool ija ili ndi nyali zochenjeza pa chifukwa chonga chomwecho.

Malamulo ameneŵa ndiwo amadyetsa mphekesera. Eni mabwalo amabisa zimene akukonza kufikira tsiku lolengeza, koma kalata yopempha chilolezo ku khonsolo siibisika, chifukwa aliyense ali ndi ufulu woiŵerenga. Bwalo la Busch Gardens la ku Williamsburg m'chigawo cha Virginia liyenera kupempha chilolezo chapadera ku boma la James City County likafuna kumanga choposa mapazi 60, ndipo pofuna kuona m'mene chinthucho chidzaonekere kwa anthu oyandikana nalo, amaulutsa chibaluni pa msinkhu wopemphedwawo. Mu 2017 bwalolo lidapempha mapazi 315, pafupifupi mamita 96, pa ntchito imene lidaipatsa dzina lobisa loti Madrid. Okonda sitimazi adakhulupirira kuti kukubwera chimphona, ndipo adatsutsana za icho miyezi yambiri. Sitima imene idatsegulidwa mu 2022, yotchedwa Pantheon, idali ya mamita pafupifupi 55. Chilolezo chimangonena pamene mwini bwalo sayenera kupitirira, sichimkakamiza kufikapo. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Malire achitatu sadalembedwe ndi khonsolo iliyonse, pakuti ali m'thupi la munthu. Liŵiro palokha silipweteka. Chopweteka ndi kukhota mwadzidzidzi pa liŵiro lalikulu. Ngolo ikafika pansi pa chitunda nkutembenuka, thupi limalemera kangapo kuposa masiku onse, magazi amathamangira kumiyendo, ubongo nkusoŵa okwanira, ndipo maso amayamba kuchita chidima. Phunziroli lidayamba kale. Flip Flap Railway ya ku Coney Island, ya mu 1895, idali ndi njanji yozondoka yozungulira ndendende ngati mkombero wa njinga, ndipo okwera ambiri ankatsika makosi akuŵaŵa. Mmisiri wa ku Germany, Werner Stengel, ndiye adakonza vutoli pa sitima ya Revolution ya mu 1976 ku California, popinda njanji ngati dontho la madzi lozondoka, lotakasuka m'munsi ndi lothina pamwamba. Ngakhale zili choncho, mu 2010 sitima ya mamita 93 ya pa bwalo la Kings Dominion ku Virginia, imene pa nthaŵiyo inkatchedwa Intimidator 305, inkachititsa okwera ambiri chidima pokhota koyamba, ndipo pofika 2011 eni ake adali atamasula gawo limenelo la njanji nalimanganso motakasuka. Chitunda chikatalika, pokhota pamafunika malo aakulu, ndipo malo ndi ndalama. Mphepo nayonso imamenya nkhope: okwera Formula Rossa ya ku Abu Dhabi, ya mu 2010, yothamanga makilomita 240 pa ola, amavala magalasi oteteza maso ku mchenga ndi tizilombo. Thupi lomwelo ndilo limachititsa kuti pakhomo pa sitima iliyonse pakhale ndodo yoyezera ana. Zomangira za pampando zidapangidwira thupi la ukulu wakutiwakuti, ndipo mwana wosafika pa mzere angathe kupulumukamo. Pa Kingda Ka mzerewo udali pa masentimita 137.

Malire achinai, amene adaziziritsa mpikisano uja, ndi thumba. Kingda Ka idadya madola 25 miliyoni pomanga, ndipo makina ake oponyera ngolo ankafuna kukonzedwa kaŵirikaŵiri. Mvula kapena mphepo yamphamvu inkaiimitsa. Nthaŵi zina ngolo inkalephera kudutsa pa nsonga nibwerera chambuyo, ngakhale kuti amisiri adakonzeratu mabuleki a zoterozo. Mnzake wa ku Cedar Point, Top Thrill Dragster, adatsekedwa mu August 2021 chitsulo china chitathothoka pa ngolo nkuvulaza kwambiri mai amene adali pa mzere wodikira. Adatsegulidwanso mu 2024 atasinthidwa makina ndi dzina. Kingda Ka idayenda komaliza mu November 2024, ndipo pa 28 February 2025 nsanja yake idagwetsedwa ndi onga m'masekondi oŵerengeka. Pa zaka 19 zimene idayenda, palibe bwalo limene lidaiposa msinkhu. Amisiri adali ndi nzeru zoiposera, koma eni mabwalo adali ataona kuti sitima yaifupi yokhotakhota mwaluso imadzaza anthu chimodzimodzi, pa mtengo wochepa.

Amene adadzutsanso mpikisanowu ndi a ku Saudi Arabia. Kumapeto kwa 2025 kufupi ndi mzinda wa Riyadh kudatsegulidwa bwalo la Six Flags Qiddiya City, lomangidwa ndi chuma cha boma, ndipo m'menemo muli Falcons Flight, ya kampani ya Intamin, yomwe idamanganso Kingda Ka. Njanji yake ndi yopitirira makilomita 4, liŵiro lake limafika makilomita 250 pa ola, ndipo kuchokera pamwamba penipeni kufika pansi pali mamita pafupifupi 195. Ngolo zake zimakankhidwa ndi maginito amagetsi, ndipo kutsogolo zili ndi galasi lotchinga mphepo. Chofunika kuchizindikira nchakuti gawo lalikulu la msinkhu umenewu lidabwerekedwa ku chilengedwe, pakuti njanjiyo imakwera phompho la mapiri a Tuwaiq nitsika nalo. Patapita zaka pafupifupi 200, amisiri adabwerera ku nzeru ya ngolo za malasha za ku Mauch Chunk. Malire adagonja kumeneko chifukwa padakumana zinthu zitatu zosoŵa kukumana: chipululu chotakasuka, phiri lokonzeka kale, ndi thumba la boma lolemera ndi mafuta.

Tsono munthu akamva mphekesera yoti kwakutikwakuti kukubwera sitima yoposa zonse, angathe kuiyesa ndi mafunso amene mbiriyi yapereka. Kodi anthu oyandikana ndi bwalolo avomera? Kodi ndege zimadutsa pati? Kodi malo alipo okwanira kuti njanji ikhote popanda kuvulaza wokwera? Nanga ndani adzalipira zokonzetsa patapita zaka 10? Mayankho a mafunso ameneŵa ndiwo adaumba sitima zimene zilipo lero, kuposa m'mene kulakalaka kutchuka kudachitira. Nemesis, imene idakanizidwa kuposa mitengo, idaikidwa njanji yatsopano nitsegulidwanso mu 2024 m'dzenje lake lomwe lija. Cyclone ya matabwa ya mu 1927, imene msinkhu wake sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a Kingda Ka, ikunyamulabe anthu ku Coney Island nyengo yotentha iliyonse.